Bwana akabwerera m'kalasi: zikhulupiriro ndi zoona pa digiri ya MBA

Anthu ambiri amadziwa Chongoni chifukwa cha zojambula za m'mapanga, zija bungwe la UNESCO lidaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006: malo 127 omwazikana m'mapiri a Dedza monga Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Koma Chongoni ndi kumalonso kumene anthu akuluakulu amabwera kudzakhala pa desiki. M'nkhalango momwemo muli Malawi College of Forestry and Wildlife, kumene ena mwa ophunzira ndi anthu oti adagwirapo kale ntchito ya zankhalango ndipo abwera kudzawonjezera sukulu. Chapafupi pali Namoni Katengeza, malo a Sinodi ya Nkhoma ophunzitsirako akulu a mpingo, amayi a chigwirizano ndi atsogoleri ena, anthu a imvi zawo amene asiya minda ndi ana kunyumba. Kwa munthu wa kuno, kuona bambo kapena mayi wa zaka 45 atanyamula kope si chachilendo.

Chatsopano ndi mtundu wina wa maphunziro a akuluakulu, wodula kuposa onsewa, umene ukutsatsidwa m'nyuzipepala, pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp: digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka bizinesi, imene aliyense amangoti MBA. Amene akusakidwa ndi anthu ngati mkulu wa nthambi ya banki pa Dedza boma, mayi woyang'anira pulojekiti ya bungwe lakunja m'midzi ya ku Linthipe, mwini mathiraki odutsa pachipata cha Dedza kulowera ku Tete ndi ku Beira, kapena ofesala wa zankhalango amene wakhalitsa pa giredi imodzi. Onsewa amva zambiri za digiriyi, zina zoona, zina zokokomeza, zina zabodza ndithu. Popeza fizi yake imatha kumeza ndalama zomangira nyumba, ndi bwino kuipeta nkhaniyi munthu asanasaine fomu.

Chikhulupiriro chofala kwambiri n'chakuti MBA ndiyo imaumba bwana, kuti munthu amalowa ali wamba n'kutuluka akudziwa kuyendetsa kampani. N'chifukwa chake mnyamata amene wavala mkanjo wa digiri yoyamba chaka chatha, ntchito asanaipeze n'komwe, amaumiriza makolo kuti agulitse ng'ombe akachite MBA. Ndi zoona kuti digiriyi itayamba ku Harvard mu 1908 inkaphunzitsa anyamata ongotuluka kumene ku koleji. Koma masukulu a bizinesi sadachedwe kuona kuti amene amapindula kwenikweni ndi anthu oti adasenzapo kale udindo. Mu 1943 yunivesite ya Chicago idatsegula pulogalamu yoyamba ya Executive MBA, yokonzedwera mabwana amene ali kale pa ntchito. Lero, ngakhale m'makalasi a MBA wamba a masukulu otchuka a ku America, wophunzira amakhala wa zaka pafupifupi 28 ndipo wagwirapo ntchito zaka zisanu. M'makalasi a Executive MBA ambiri amakhala akuyandikira zaka 40, atagwira ntchito zaka zoposa 10. Bungwe la ku Britain lotchedwa AMBA, limene limavomereza mapulogalamu a MBA m'maiko ambiri, limafuna kuti aliyense wolowa m'kalasi akhale atagwirapo ntchito zaka zosachepera zitatu.

Amene adaitafuna bwino nkhaniyi ndi Henry Mintzberg, pulofesa wa yunivesite ya McGill ku Canada, m'buku lake la mu 2004 lotchedwa Managers Not MBAs. Mfundo yake ndi yakuti kalasi singapange bwana kuchokera kwa munthu amene sadatsogolerepo anthu, koma ingathe kunola kwambiri munthu amene akutsogolera kale. Sadangolankhula. Mu 1996 iye ndi anzake adayambitsa pulogalamu ya mabwana a makampani ogwira ntchito m'maiko ambiri, imene ophunzira ake ankakumana kwa masiku owerengeka ku England, ku Canada, ku India, ku Japan ndi ku France, kenaka aliyense n'kubwerera ku ofesi yake. M'kalasimo ankakhala mozungulira matebulo, ndipo theka la nthawi linkasiyidwira ophunzirawo kuti ayese zimene mphunzitsi wanena pa zimene iwo akumana nazo pa ntchito.

Kuti timvetse chifukwa chake, titenge ofesala woyang'anira munda wa paini wa ku Chongoni. Paini wobzalidwa chaka chino adzachekedwa matabwa pakadutsa zaka zoposa 20. Pakati ponsepo ndalama zimangotuluka: nazale, kubzala, kupalira, kudulira nthambi, kupatulira, kulambula njira zotchinga moto chaka chilichonse dzuwa la Okutobala lisanafike. M'kalasi ya MBA muli phunziro lowerengera kuti ndalama imene udzalandire zaka 25 zikubwerazo ndi yokwana zingati lero, poganizira chiwongola dzanja cha ku banki ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Mnyamata wongochoka ku koleji amaloweza masamu akewo n'kukhoza mayeso. Ofesala wa zaka 12 pa ntchito saloweza chabe. Amafunsa kuti moto ulowa pati m'masamuwo, nanga mitengo yobedwa usiku, nanga ndalama za boma zikafika mvula itatha mbande zitakulira m'machubu. Mafunso amenewo ndiwo amasandutsa masamu kukhala chida. Ndipo chimene iyeyo amatuluka nacho n'chachikulu: tsopano angathe kuima pamaso pa akuluakulu a ku Capital Hill kapena a banki n'kuwaonetsa ndi manambala kuti ndalama yolambulira njira za moto ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa matabwa amene angapse tsiku limodzi.

Kusowa kwa anthu olankhula motero kwatipweteka kale. Ku Chikangawa, pa mapiri a Viphya, kudabzalidwa mahekitala pafupifupi 53,000 a mitengo, makamaka paini, kuyambira m'zaka za m'ma 1960, poyembekezera fakitale ya mapepala imene sidamangidwe. Gawo lalikulu la nkhalangoyo lidatha ndi moto ndi kudula kopanda kubzalanso. Sindikhulupirira kuti vuto lidali kusadziwa mitengo, pakuti akatswiri a zankhalango tili nawo, ambiri adaphunzira ku Chongoni konkuno. Chidavuta ndi kayendetsedwe: mtengo umodzi ugulitsidwe pa ndalama zingati, chilolezo chodula chipatsidwe kwa yani ndi pa mfundo zotani, ndipo pa ndalama zolowazo zingati zibwerere ku nazale. Amenewa ndi mafunso a m'kalasi ya bizinesi, ndipo woyenera kukhala m'kalasimo ndi munthu woidziwa kale nkhalango.

Pali ena amene amapita mbali inayo. Kwa iwo MBA ndi pepala chabe, bizinesi ndi ya m'magazi, ndipo amaloza amalonda a kachewere a ku Bembeke amene amanga nyumba zamalata ndi kugula malole opanda satifiketi iliyonse. Mawu awo ali ndi mbali yoona. Strive Masiyiwa, amene adayambitsa Econet ku Zimbabwe, adaphunzira uinjiniya wa zamagetsi. Mo Ibrahim, amene adayambitsa Celtel mu 1998 n'kuigulitsa mu 2005 pa madola 3.4 biliyoni, nayenso ndi injiniya. Malemu Saulos Chilima, Mmalawi woyamba kukhala mkulu wa Airtel Malawi mu 2010, digiri yake yachiwiri idali ya zachuma ya ku Chancellor College, ndipo luso la malonda adalikulitsa pa ntchito, ku Lever Brothers, ku Southern Bottlers ndi ku kampani ya mafoni komweko. Palibe lamulo lakuti wotsogolera kampani akhale ndi MBA.

Koma mndandanda wina ulipo. Hitesh Anadkat, amene ali ndi MBA ya ku Cornell, adayambitsa First Merchant Bank ku Blantyre mu 1995; lero gulu la FMBcapital lili ndi mabanki ku Malawi, Botswana, Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe. Tidjane Thiam wa ku Côte d'Ivoire adadzera ku INSEAD, sukulu ya bizinesi imene idakhazikitsidwa ku France mu 1957, ndipo adadzatsogolera Prudential mu 2009 ndi Credit Suisse mu 2015. Mayina sathetsa mkangano, chifukwa mbali iliyonse ili ndi ake. Chothetsa mkangano ndi kuona zimene zimaphunzitsidwa, ndi kufunsa ngati munthu wafika pa msinkhu wozifuna.

Wamalonda wa lole imodzi amasunga zonse m'mutu mwake, ndipo zimayenda. Malole akafika 30, antchito 200, ngongole ya ku banki ili m'makwacha pamene matayala ndi zipangizo zikugulidwa m'madola, mutu umodzi sukwananso. Pamenepo pamafunika kudziwa kusiyana kwa phindu ndi ndalama za m'manja, chifukwa kampani imatha kuoneka yopindula m'mabuku koma n'kulephera kulipira antchito pa 28, pakuti makasitomala akuluakulu, boma lomwe, sadalipire. Pamafunika kudziwa kuwerenga malipoti a akauntanti osangosaina, kuika mtengo wa katundu, kukambirana mgwirizano, kusankha ndi kusunga antchito abwino. Bizinesi ikadutsa malire, zofunika zimachuluka. Malawi ali mu COMESA ndi mu SADC, pamene Mozambique, imene munthu amaiona ndi maso ali pa Dedza, ili mu SADC yokha, ndipo mapepala ake ndi a Chipwitikizi. Katundu yemweyo akamapita ku Chipata ndi akamapita ku Tete, malamulo a msonkho wake safanana. Zonsezi munthu angathe kuziphunzira pa ntchito, inde, koma pa ntchito amaphunzira ataluza kaye. Kalasi imafupikitsa njira.

Chikhulupiriro china chimene chimatsekereza anthu ambiri oyenera n'chakuti kuchita MBA ndi kusiya ntchito, kusiya banja, kukwera ndege ya ku London kapena ku Boston. Izi zidatha kalekale. Satya Nadella, mkulu wa Microsoft, adachita MBA yake ku Chicago kumapeto kwa sabata akugwira ntchito. Tim Cook wa ku Apple adachita yake ku Duke ali pa ntchito ku IBM. Mapulogalamu a mabwana amakonzedwa dala motero: madzulo, Loweruka ndi Lamlungu, kapena sabata imodzi yathunthu pa miyezi iwiri kapena itatu iliyonse.

Kuno kwathu njira zilipo. ESAMI, sukulu ya maboma a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa imene idakhazikitsidwa mu 1980 ku Arusha, ndipo Malawi ndi mmodzi wa eni ake, yakhala ikuphunzitsa MBA ku Lilongwe. Polytechnic ya ku Blantyre, imene kuyambira 2021 ndi MUBAS, yatulutsa mabwana ambiri ndi Executive MBA yake. Malawi Institute of Management ya ku Kanengo idayamba mu 1989 kuphunzitsa akuluakulu a boma ndi a makampani, nthawi zina mogwirizana ndi mayunivesite a ku Britain monga Derby ndi Bolton, ndipo tsopano idaphatikizidwa ndi sukulu ya ku Mpemba kukhala Malawi School of Government. Kuchokera ku Chongoni kukafika ku Lilongwe pa msewu wa M1 ndi ulendo woti munthu anyamuka m'mawa wa Loweruka n'kukapeza kalasi isanayambe. Wofuna kupita patsogolo pang'ono ali ndi masukulu a bizinesi a ku South Africa: Cape Town ndi Stellenbosch, onse okhazikitsidwa mu 1964, Wits ya mu 1968, ndi GIBS ya ku Johannesburg imene idatsegulidwa mu 2000.

Komabe tisabise kuti kalasi ya anthu a maiko osiyanasiyana ili ndi chinthu chimene kalasi ya Amalawi okhaokha ilibe. Mabuku ndi omwewo. Buku la zachuma lowerengedwa ku Singapore ndi lomwe likuwerengedwa ku Chichiri. Kusiyana kuli pa anthu okhala nawo pa tebulo. Mkulu wa kampani ya mbewu wa ku Malawi akamagwira ntchito ya pagulu ndi mayi wa kampani ya zombo wa ku Mombasa ndi bambo wa fakitale wa ku India, amamva mmene ena adathetsera vuto limene iye ankaliyesa la kwawo kokha, ndipo amatuluka ndi manambala a foni amene adzamuthandize zaka 20 zikubwerazo. Kwa munthu amene ntchito yake ndi yodutsa malire, mbali yaikulu ya fizi akulipirira zimenezi. Apa ndi pamene maphunziro a pa intaneti okhaokha amachepera. Ndi otsika mtengo ndipo amathandiza amene sangachoke pamalo, makamaka amayi amene akulera ana ndi kusamala odwala ntchito ili pamutu, koma munthu afunse ngati pali nthawi yokumana ndi anzake maso ndi maso. Afunsenso mtima wake ngati adzapirira kulemba ntchito ya kalasi usiku magetsi atazima, netiweki ikudukaduka kuseri kwa phiri.

Choopsa kwambiri pa zikhulupiriro zonsezi n'chakuti digiri iliyonse yokhala ndi dzina lakunja ndi yapamwamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali masukulu amene alipo pa intaneti pokha, amene amalonjeza MBA m'miyezi isanu ndi umodzi, opanda mayeso olowera, opanda kufunsa ngati munthu adagwirapo ntchito, bola fizi. Ngakhale mayina enieni sapulumutsa nthawi zonse. Mu 2004 bungwe loona za maphunziro apamwamba ku South Africa litaunika mapulogalamu a MBA m'dzikomo, lidalanda chilolezo angapo, kuphatikizapo ena a mayunivesite a ku Britain ndi ku Australia amene adali ndi nthambi kumeneko.

Kudziteteza si kovuta. Kuno kuli National Council for Higher Education, imene idakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011. Imasindikiza mndandanda wa masukulu ndi mapulogalamu ovomerezeka, ndipo imaunikanso mapepala ochokera kunja. Muonetsetse kuti pulogalamu yeniyeniyo ndiyo yavomerezedwa, chifukwa sukulu ingathe kukhala yolembetsedwa pamene MBA yake sidaunikidwe. Pa masukulu akunja, pali zidindo zitatu zimene zimalemekezedwa kulikonse: AACSB ya ku America, EQUIS ya ku Ulaya ndi AMBA ija. Cape Town ndi Stellenbosch ali nazo zonse zitatu. Musakhulupirire chizindikiro chojambulidwa pa kapepala kotsatsa. Pitani pa tsamba la bungwe lovomerezalo mukaone ngati dzina la sukuluyo lilipo. Ndipo sukulu imene ikukulandirani osakufunsani chilichonse ikukuuzani kale mtundu wa anthu amene mudzakhale nawo m'kalasi.

Tsopano ndalama. Otsatsa amati digiriyi imadzilipira yokha, malipiro akakwera zonse zibwerera. Manambala amene amaonetsa ndi a anthu ogwira ntchito ku New York, ku London kapena ku Dubai, olandira madola. Mapulogalamu otchuka a mabwana a m'maiko osiyanasiyana amadula madola oposa 100,000, ena kufika 200,000, ndege ndi malo ogona nthawi zina zili padera. Munthu wolandira makwacha sangabweze ndalama zotero ndi malipiro a ku Lilongwe, pokhapokha kampani ikamulipirira kapena akhale ndi cholinga chokagwira ntchito kunja. Ngakhale fizi yocheperapo, ikakhala ya m'madola, ili ndi msampha wake. Mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pafupifupi K1,700. Amene adatsala ndi ngongole ya madola 10,000 ku sukulu adagona akuganiza za K11.8 miliyoni n'kudzuka ndi K17 miliyoni. Onjezani kudikira kwa masabata ku banki kuti ndalama zakunja zipezeke, sukulu ikuopseza kutseka tsamba la wophunzira. N'zomvetsa chisoni kuona munthu atasiyira pakati, theka la fizi litapita, satifiketi palibe.

Ena amadalira thandizo la maphunziro. Lilipo, koma lili ndi malire ofunika kuwadziwa. Chevening ya boma la Britain imafuna munthu wogwirapo ntchito zaka zosachepera ziwiri, imalipira digiri ya chaka chimodzi yophunzira uli ku Britain komweko, osati ya kumapeto kwa sabata kapena ya pa intaneti, ndipo pa MBA ili ndi malire a fizi imene ingalipire. Yotsalayo ndi ya mwini wake. Wothandizidwayo amayenera kubwerera kwawo kwa zaka ziwiri. Kampani ikakulipirirani, kawirikawiri imakumangani ndi mgwirizano wakuti mugwire ntchito zaka zingapo kapena mubweze ndalama. Si nkhanza, koma muwerenge bwino musanasaine.

Palinso chikhulupiriro chimene chimagwira mabwana obwera kuchokera kunja ndi Amalawi obwerako ku sukulu zakunja chimodzimodzi, chakuti zimene zaphunziridwa ku Harvard kapena ku INSEAD zimagwira ntchito kulikonse monga zilili. Masukulu ambiri a bizinesi amaphunzitsa pokambirana nkhani za makampani enieni, njira imene Harvard idaikulitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1920. Njirayo ndi yabwino, koma nkhani zambiri ndi za makampani a ku America, ku Ulaya ndi ku Asia, kumene magetsi, mafuta ndi ndalama zakunja zimapezeka osaganizira n'komwe. Phunziro lakuti usasunge katundu wambiri m'nkhokwe, uziitanitsa pa nthawi imene wafunika, ndi lanzeru ku Japan. Kwa fakitale ya ku Kanengo imene zipangizo zake zimadzera ku Beira, mvula itadula msewu kapena banki ikusowa madola, kutsatira phunzirolo mwakhungu ndi kuimitsa makina. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya magetsi pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo bwana aliyense adayenera kulembanso mapulani ake.

Za anthu ndiye n'zozama kuposa pamenepa. Tiyerekeze kuti munthu wapatsidwa ntchito yokweza zokopa alendo pa mapanga a Chongoni. M'kalasi adaphunzira kulemba mndandanda wa onse okhudzidwa, ndipo adzalembadi: nthambi ya boma yoona za zakale, nthambi ya zankhalango, khonsolo ya Dedza, eni malo ogona alendo. Koma zojambula zoyera za m'mapangamo zimakhudza chinamwali ndi gule wamkulu, miyambo yamoyo imene ili ndi eni ake, anamkungwi ndi akuluakulu a kudambwe, ndipo si zonse zimene zimafotokozedwa kwa mlendo wa kamera. M'nkhalango momwemo amayi amatolamo nkhuni, bowa ndi masuku. Lamulo la zankhalango la mu 1997 limalola boma kusamalira nkhalango mogwirizana ndi makomiti a m'midzi, koma komiti siyenda mfumu isanamve nkhaniyo moyenera. Kudziwa woyamba kumuona ndani, kufika motani pabwalo, kuimitsa msonkhano chifukwa m'mudzi mwagwa maliro osaona ngati nthawi yatayika, zimenezi palibe pulofesa wa ku INSEAD angaziphunzitse. Mndandanda uja ndi wothandiza, koma umagwira ntchito m'manja mwa munthu wodziwa kale kukhala ndi anthu. Pa chifukwa chimenechi ndimaona kuti Mmalawi wolowa m'kalasi ya anthu a maiko ambiri asadzichepetse. Zimene akudziwa za kuyendetsa ntchito pamalo pamene zinthu zimasowa, anzake a ku Frankfurt alibe, ndipo makampani awo akamalowa mu Africa amazifuna.

Za khalidwe ndinene mwachidule, chifukwa umboni wake ndi woonekeratu. Ena amaganiza kuti tikachulukitsa mabwana ophunzira, katangale atha. Jeffrey Skilling, amene adatsogolera kampani ya Enron mpaka miyezi yochepa isanagwe mu 2001 ndipo pambuyo pake adapita ku ndende, adali ndi MBA ya ku Harvard. Mavuto a zachuma a mu 2008 atagwedeza dziko lapansi, ophunzira ena a ku Harvard komweko adayambitsa lumbiro la MBA mu 2009, chifukwa adaona kuti dzina la digiri yawo ladetsedwa. Kwathu kuno, amene adasolola mabiliyoni pa Cashgate mu 2013 sadali anthu osadziwa mabuku a ndalama. Chimene maphunzirowa angachite ndi kuphunzitsa munthu wokhulupirika kumanga mipanda: wolamula kulipira asakhale yemwe akusaina cheke, bodi ikhale ndi mphamvu yofunsa, owerengera ndalama ochokera kunja kwa kampani aloledwe kuona chilichonse.

Nanga akamaliza, kukwezedwa kumabwera kokha? Ambiri amayembekezera kuti akangopereka satifiketi ku ofesi yoona za antchito, kalata ya udindo watsopano itsatira. M'boma, udindo umadikira mpata ndi mayeso a intaviyu. Pepala limangokulowetsani pa mndandanda wa oitanidwa, ndipo masiku ano pa mndandandawo ambiri ali ndi digiri yachiwiri. M'makampani, wofunsa wanzeru safunsa dzina la digiri koma chimene mudasintha nayo. Apa olemba ntchito nawonso ali ndi mlandu. Kampani imalipira mamiliyoni kuti munthu akaphunzire, akabwerako n'kumubwezera pa desiki yomweyo, maganizo ake onse akuyankhidwa kuti kuno sitichita choncho. Pakatha chaka kapena ziwiri, mgwirizano ukangotha, munthuyo ali ku Johannesburg kapena ku bungwe lina, ndipo kampani imadandaula kuti maphunziro amathawitsa antchito.

Pafupifupi MBA iliyonse imatha ndi kafukufuku kapena pulojekiti yaikulu, ndipo apa ndi pamene ndalama ingayambe kubwerera munthu asanavale n'komwe mkanjo. Ambiri amasankha mutu wosavuta, wolembedwapo kale kambirimbiri, kuti angomaliza. Ndi bwino kukhala pansi ndi abwana anu musanalipire fizi yoyamba, mugwirizane vuto lenileni la pa ntchito panu limene mudzalifufuze, ndi kuti zotsatira zake zidzafika ku bodi. Ku Dedza kokha mitu yotere ndi yosatha: chifukwa chimene mlimi wa kachewere amalandira zochepa pamene thumba lomwelo likudula ku Lilongwe, ndalama zimene thiraki imataya pa tsiku lililonse lodikira pachipata, mtengo woyenera wa chilolezo chodula paini kuti nazale isafe, kapena njira yogawira ndalama za alendo a m'mapanga kuti midzi yozungulira ilandire gawo lake. Mufunsenso sukuluyo kuti ikulumikizeni ndi anthu atatu kapena anayi amene adamaliza zaka zisanu zapitazo, osati osankhidwa kuti aoneke pa kapepala kotsatsa, ndipo muwafunse ntchito imene ankagwira asanalowe, imene akugwira lero, ndi ngati ngongole ya fizi adaimaliza.